Betta yanga mchira ukutha, ndigule mankhwala anji?

Kadziwe
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni, nsomba yanga ya mtundu wa betta, yamphongo, yadwala. Ndi yofiira, ya mchira wautali wolendewera uja. Mchirawo wayamba kunyenyeka, m'mphepete mwake mwada bii, ndipo ukuoneka kuti ukunka nufupika. Kale ndikangoyandikira inkabwera kutsogolo n'kutambasula zipsepse zonse, koma pano imangokhala pansi, zipsepse itazipinda. Imakwera kukapuma mpweya n'kubwerera pomwepo. Chakudya imangolawa n'kulavula. Ndimaisunga m'mbale ya galasi yozungulira ya malita 3. Madzi ndimasintha onse Loweruka lililonse, mbaleyo n'kuitsuka mpaka kuwala, ndiye za uve musaganizeko. Ndikungofuna dzina la mankhwala oti ndikagule.

Mpopi77
Kumeneko ndi kuola kwa zipsepse. Thiranimo mchere basi, ichira.

Namadzi
A Mpopi77, tadikirani kaye ndi mcherewo. A Kadziwe, pepani ndi matendawa. Tiuzeni izi: madziwo ali pa madigiri angati? Muli hita yofunditsa madzi? Muli fyuluta yosefa madzi? Madzi a pampopi mumathiramo mankhwala ochotsa klorini? Munayezapo amoniya? Popanda mayankho amenewa, amene akupatseni dzina la mankhwala akhala akungoganizira.

Kadziwe
Hita mulibe, fyuluta mulibe, choyezera kutentha ndilibenso. Amene anandigulitsa anati betta kwawo imakhala m'tizithaphwi ta matope, siifuna zonsezo. Madzi ndimatunga madzulo, amagona m'ndowa, m'mawa ndi pamene ndimathira. Za amoniya ndikuzimva koyamba.

Mlonda_wa_Thanki
Nkhani ya tizithaphwi imeneyi yapha ma betta ambiri zedi. Nsombayi, imene asayansi amaitcha Betta splendens, kwawo ndi ku Thailand, m'zigwa za mitsinje ya Chao Phraya ndi Mekong. Imakhala m'minda ya mpunga, m'madambo ndi m'ngalande. Madzi ake ndi osaya, inde, koma ndi otambalala, odzaza ndi zomera, ndiponso ofunda chaka chonse. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti betta ili ndi chiwalo china pamwamba pa makha, chotchedwa labyrinth, chimene chimailola kupuma mpweya wa pamwamba pa madzi. N'chifukwa chake siifa msanga m'botolo mmene nsomba ina singachedwe kufa. Imapirira, koma thupi likutha pang'onopang'ono.

Ndiyambe ndi kutentha. Betta imafuna madigiri 24 mpaka 28, ndipo 26 ndi pabwino kwambiri. Nsomba siifunditsa thupi lake yokha, thupi limatsata madzi. Madzi akazizira chakudya chimachedwa kugayika, chitetezo cha m'thupi chimafooka, nsomba imangoti phee pansi. M'mbale ya malita 3 madzi amafunda masana n'kuzizira usiku, ndipo kusinthasintha kumeneko nakonso kumaitopetsa.

Kenako amoniya. Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'makha, ndipo ndowe zake ndi chakudya chotsala zikamaola zimawonjezera. Amoniya saoneka ndi maso. Madzi amatha kukhala mbee koma muli poizoni. Amawotcha makha ndi zipsepse, kenako mabakiteriya monga Aeromonas ndi Pseudomonas, amene amakhala m'madzi nthawi zonse, amapeza polowera. M'thanki yokhazikika mumakhala mabakiteriya ena abwino amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni, kenako ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene saopsa kwambiri ndipo timamuchotsa posintha madzi. Mabakiteriya abwinowa amamatirira pa siponji ya fyuluta, pa timiyala ndi pa galasi, ndipo amatenga milungu 4 mpaka 6 kuti achuluke mokwanira. Ndiye a Kadziwe, kutsuka kwanu kwa Loweruka kuja kukuwachotsa onse asanakhazikike. Munauzidwa zolakwika, si vuto lanu. Koma mankhwala alionse amene mungagule agonja ngati madzi akhala momwemo.

Dzuwa_Lofiira
Koma inu mumakonda kuopseza anthu. Yanga inakhala m'botolo lalikulu zaka 2, popanda hita, popanda fyuluta. Si aliyense ali ndi malo oika thanki yaikulu.

Namadzi
Betta yosamalidwa bwino imafika zaka 3 kapena 4, ina mpaka 5. Ndipo thanki ya malita 20 si yaikulu, imakwana pakatebulo. Madzi ambiri ndi osavuta kusamala kusiyana ndi ochepa, chifukwa poizoni amachedwa kuchuluka ndipo kutentha sikusinthasintha.

Dzuwa_Lofiira
Pamene ndinkaigula inali yaikulu kale, ndiye zaka zake sizinali 2 zokha.

Mlonda_wa_Thanki
Pamenepo mukunena zoona. Zambiri zimagulitsidwa zili ndi miyezi 6 mpaka chaka, chifukwa ndi pamene mchira wa yamphongo wakula mokopa ogula. Ndipo ngati chipinda chanu chimakhala chofunda usana ndi usiku, mwina madzi anu sankatsika pansi pa 24. Koma zimenezo munthu amadziwa atayeza. Nsomba ya a Kadziwe ikudwala panopa, sitingawauze kuti apitirize mmene akuchitiramo chifukwa ya wina inapulumuka.

Tsamba
Ine ndisanavomere kuti ndi kuola, ndifunse: m'mbalemo muli maluwa a pulasitiki kapena chokongoletsera chakuthwa? Ma betta ena a michira italiitali amadzilumanso okha. Kusiyanitsa kwake n'kotere. Mchira wolumidwa umaduka zigawo zikuluzikulu usiku umodzi wokha, koma m'mphepete mwake simusintha mtundu. Wong'ambika umakhala ndi mng'alu wowongoka. Woola umanyenyeka pang'onopang'ono, m'mphepete mukuda, mukutuwa kapena mukufiira. Chokongoletsera chilichonse musanachiike, pititsanipo kansalu kopyapyala kwambiri. Kakakodwa, dziwani kuti mchiranso ukodwa.

Kadziwe
Mulibe pulasitiki, muli mwala umodzi wosalala basi. Ndaika chithunzi, taonani.

Tsamba
Ndaona. Ndi kuola ndithu, koma sikunafike pathupi. Patsala mchira wambiri. Imeneyi ikhoza kuchira ndi madzi abwino okha.

Mpopi77
Nanga ine ndinalakwa pati? Mchere umagwira ntchito, ndauona ndi maso anga.

Agogo_a_Zipsepse
Simunalakwe zonse mwanangu, koma munanena theka. Mchere umathandiza pa kuola kongoyamba kumene, koma uli ndi malamulo ake. Ukhale mchere wa thanki ya nsomba, wopanda zosakaniza zina. Muyezo wake ndi kasupuni ka tiyi kamodzi pa malita 4. Muyambe mwausungunula m'kapu, musamwaze njere zake pa nsomba. Musapitirire masiku 10, chifukwa betta ndi nsomba ya m'madzi opanda mchere. Komanso mchere suuluka madzi akamaphwa, umatsala momwemo, ndiye mukasintha madzi muwonjezere wa madzi amene mwachotsa okhawo. Zomera zambiri za m'thanki sizigwirizana nawo.

Ndiwonjezere za madzi ogona m'ndowa. Klorini amauluka madzi akakhala tsiku lonse poyera, n'zoona. Koma malo ena madzi a pampopi amathiramo chloramine, ndipo ameneyo sauluka chotero. Botolo la mankhwala ochotsa klorini limathana ndi onse awiri, ndipo limakhalitsa chifukwa mumathira timadontho tochepa. Ine ndikanayamba ndi limenelo.

Ndimaikanso tsamba louma la mtengo wa Terminalia catappa. Limadetsa madzi pang'ono kukhala abulauni, ndipo oweta ma betta a ku Thailand akhala akuligwiritsa ntchito kuyambira kale. Nsomba imakonda kubisala pansi pake. Si mankhwala ochiza matenda aakulu, musayembekezere zimenezo.

Thovu_Loyera
Pepani ndilowe pang'ono. Yanga ili m'mbale ngati ya a Kadziwe koma imamanga thovu pakona pafupifupi mlungu uliwonse. Ndinamva kuti zimenezo zikusonyeza kuti ikusangalala. Si choncho?

Namadzi
Thovulo ndi chisa cha mazira. Yamphongo ikakhwima imamanga, kaya pali yaikazi kaya palibe. Zimamanga ngakhale m'tikapu ta kogulitsa tija. Ndi chizindikiro chakuti yakula, osati chakuti madzi ali bwino.

Tsamba
Koma kuona yamphongo ikusamala chisa n'kosangalatsa zedi. Yaikazi ikatulutsa mazira, yamphongo imawatola ndi pakamwa asanafike pansi, n'kukawalavulira m'thovumo. Likagwa limodzi imalitsatira. Amaswa pasanathe masiku 2, ndipo imalondera tianato mpaka titayamba kusambira tokha. Yaikazi imathamangitsidwa, n'chifukwa chake oweta amaichotsa msanga.

Dzuwa_Lofiira
Ku Thailand amaitcha pla kat, ndipo mu 2019 anaisankha kukhala nyama ya m'madzi yoimira dziko lawo. Zakutchire si zowala ngati zathuzi, ndi zobiriwira motuwa, michira ifupiifupi. Michira yaitaliyi anthu anachita kusankha poweta.

Mlonda_wa_Thanki
Ndipo kusankhako kunabwera ndi mavuto ake. Mchira waukulu ndi wolemera, nsomba imatopa nawo, n'chifukwa chake fyuluta yothamangitsa madzi kwambiri imaizunza. Ya siponji yoyendera mpweya ndiyo yabwino. Za mamba okhuthala onyezimira zija, zimene amazitcha dragon scale, zina mamba amamera mpaka kuphimba diso. Koma tibwerere kwa odwala athu.

MayiWaAwiri
Nane ndili ndi vuto, ndisatsegule nkhani ina. Betta ya mwana wanga ili m'thanki ya malita 40 yokhala ndi hita ndi fyuluta. Posachedwapa tinawonjezeramo tinsomba ting'onoting'ono, ndiye tsopano betta yatuluka timadontho toyera pazipsepse ndi pathupi, ndipo ikumadzikhula pa timiyala. Mwanayo akungolira.

Mpopi77
Kwezani hita ifike 30.

Mlonda_wa_Thanki
Musakweze musanatsimikize, amayi. Pali matenda atatu amene anthu amawasokoneza, ndipo kutentha kumathandiza pa ena koma pa amodzi kumapha.

Ngati timadonthoto ndi tozungulira, tofanana kukula, toti mungathe kutiwerenga, ndi ich, kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius multifiliis. Kadontho kalikonse ndi kachilombo kamene kalowa pansi pa khungu, ndipo kali mmenemo mankhwala sakafika. Kakakhuta kamagwa pansi, kamadzikutira, n'kugawikana kukhala tiana mazanamazana timene timatuluka kukasaka nsomba. Mankhwala amapha tiana tosambirato basi. N'chifukwa chake timadontho tikazimiririka simusiya mankhwala, mumapitiriza masiku ena angapo monga alembera pabotolo, apo ayi matenda amabwereranso. Kutentha kumafulumizitsa kuzungulira kumeneku, ndiye kukweza pang'onopang'ono mpaka 28 kumathandiza. Mankhwala ake ambiri amakhala ndi malachite green, ena amaphatikiza ndi formalin. Muthire m'thanki yonse chifukwa tizilomboto tili ponseponse. Ngati m'fyuluta muli makala aja akuda, muwachotse kaye, amayamwa mankhwala.

Ngati ndi fumbi losalala looneka lagolide kapena ladzimbiri, ndi velvet. Zimitsani magetsi m'chipinda muwalitse tochi chammbali mwa nsomba, muliona likunyezimira. Kachilombo kake kamapindula ndi kuwala, choncho thanki imaphimbidwa kuti mukhale mdima pochiza. Mankhwala ake nthawi zambiri ndi a kopa, ndipo kopa amapha nkhono, ndiye ngati muli nazo muzichotse.

Koma ngati ndi zigamba zotuwa kapena zoyera zooneka zaubweya, makamaka pakamwa kapena pamsana, mwina ndi columnaris, bakiteriya wotchedwa Flavobacterium columnare. Ameneyu amathamanga kwambiri madzi akatentha, amatha kupha nsomba m'masiku ochepa. Pamenepo hita imatsitsidwa kufika cha pa 24, ndipo pamafunika mankhwala opha mabakiteriya, makamaka mutafunsa dokotala wa ziweto.

MayiWaAwiri
Ndi tozungulira, tikuwerengeka. Ndayesa tochi, fumbi palibe. Pakamwa pali bwino.

Agogo_a_Zipsepse
Ndi ich ameneyo, ndipo amachizika mukayamba msanga. Anabwera ndi alendowo. Ulendo wina nsomba yatsopano izikhala kaye payokha milungu 2 mpaka 4 musanaiphatikize ndi zinzake. Mwanayo mumpatse ntchito yowerenga timadontho m'mawa uliwonse n'kulemba papepala. Mumuuziretu kuti masiku oyamba tikhoza kuchuluka tisanayambe kuchepa, asataye mtima.

Chiphaliwali
Yanga ikuyandama chammbali pamwamba, ikafuna kutsika ikubwerera m'mwamba yokha. Mimba yatupa pang'ono. Ndawerenga kuti ndiipatse nsawawa yophika yosenda.

Namadzi
Nsawawa ayi. Betta imadya tizilombo, kwawo imadya mphutsi za udzudzu ndi tina togwera pamadzi. Matumbo ake ndi aafupi, si a zamasamba. Kathumba ka mpweya kamene kamaithandiza kuyandama kakupanikizidwa ndi mimba yodzaza. Isiyeni osadya masiku 2 kapena 3, siifa ndi njala yotero, madzi akhale pa 26 kapena 27, kenako muipatse tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi totchedwa daphnia. Mumaipatsa chakudya chochuluka bwanji?

Chiphaliwali
Ndimangotsina n'kumwaza, katatu patsiku. Imadya zonse.

Namadzi
Betta siikana chakudya ngakhale itakhuta. Timibulu 2 kapena 3 m'mawa, chimodzimodzi madzulo, n'kokwanira.

Dzuwa_Lofiira
Ine nsawawa ndinaipatsapo ndipo inachira.

Tsamba
Kachidutswa kamodzi sikangaiphe, koma mwina inachira chifukwa masiku amenewo munasiya kuipatsa timibulu. A Chiphaliwali, chofunika kwambiri muiyang'ane kuchokera pamwamba. Mamba agona bwinobwino kapena ayima?

Chiphaliwali
Agona.

Tsamba
Ndiye mtima ukhale pansi, tsatirani za a Namadzi.

Kadziwe
Ndabwera ndi malipoti. Ndapeza choyezera kutentha ndi timabotolo toyezera madzi. M'mawa madzi anali pa madigiri 21. Amoniya ali pa 1 ppm, kutanthauza miligalamu imodzi pa lita imodzi ya madzi. Ndinabwereza kuyeza chifukwa madziwo amaoneka oyera kwambiri, koma mtundu wa m'kabotolo koyezera unatuluka womwewo. Ndagula thanki ya malita 20, hita ya mawati 25, fyuluta ya siponji ndi mankhwala a klorini. Tsopano ndiyambe bwanji? Ndidikire milungu 6 ija nsomba ili m'mbale?

Mlonda_wa_Thanki
Ayi, musadikire. M'mbalemo ndi moopsa kuposa m'thanki yatsopano. Dzazani thanki, thirani mankhwala a klorini, hita muyambire pafupi ndi kutentha kwa m'mbale. Ikani nsomba m'kapu yoyandama m'thankimo kwa mphindi 20 kapena 30, mukuwonjezera madzi a m'thanki pang'onopang'ono, kenako muitulutse. Kutentha mukweze digiri imodzi patsiku mpaka 26. Muziyeza amoniya ndi nitrite tsiku lililonse. Chilichonse chikapitirira 0.25 ppm, chotsani madzi gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena theka, muthire ena ofunda mofanana. Zonse ziwiri zikadzakhazikika pa 0, nitrate n'kuyamba kuoneka, ndiye kuti mabakiteriya akhazikika. Kuyambira pamenepo muzisintha kota ya madzi pamlungu, nitrate asapitirire 20 ppm. Siponji musadzaitsuke pampopi, klorini apha mabakiteriya anu. Muziifinya m'madzi amene mwachotsa m'thankimo. Sopo asayandikire chilichonse cha nsomba.

Chivundikiro musaiwale. Betta imadumpha, ndipo kampata kakang'ono kamaikwanira. Musiye mpata wa mpweya pakati pa madzi ndi chivundikirocho.

Mpopi77
Ndiye mchere ayi?

Agogo_a_Zipsepse
Ayambe ndi madzi okha. Pakatha mlungu kuola kukupitirirabe, athire mchere. Kukayandikira pathupi, pamenepo m'pofunika mankhwala opha mabakiteriya. Tisamathire zinthu zitatu nthawi imodzi m'thanki ya nsomba yofooka kale, impso ndi chiwindi chake n'zazing'ono.

NyenyeziYaUsiku
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Funso la a Tsamba la mamba lija landilasa mtima. Yanga mamba ayima thupi lonse, ukaiona kuchokera pamwamba ikuoneka ngati chinanazi. Mimba yatupa kwambiri, maso atong'oka pang'ono, yasiya kudya. Ndakhala nayo zaka 3. Madzi ndimayeza, amoniya 0, nitrite 0, kutentha 26. Ndikaika chala pagalasi imayesabe kubwera, koma imafika pakati n'kutsikira pansi. Ndiuzeni zoona, musandinyengerere.

Agogo_a_Zipsepse
Pepa kwambiri mwanangu. Wapempha zoona, ndikuuza. Chimenecho ndi dropsy. Si matenda paokha, ndi chizindikiro chakuti ziwalo za m'kati, makamaka impso, zalephera kuchotsa madzi m'thupi. Nsomba ya m'madzi opanda mchere madzi amailowa m'thupi nthawi zonse, ndipo impso zimagwira ntchito yowatulutsa usana ndi usiku. Zikafooka, madziwo amadzaza m'kati mpaka kukankha mamba. Chimayambitsa chikhoza kukhala mabakiteriya, chotupa kapena ukalamba. Mamba akayima thupi lonse nsomba n'kusiya kudya, zochira zimakhala zochepa kwambiri.

Ungayesebe. Ena amaisambitsa m'madzi a mchere wa Epsom, umene ndi magnesium sulfate, wosiyana ndi mchere wa thanki uja, kuti kutupa kuchepe. Dokotala wa ziweto wodziwa nsomba akhoza kupereka mankhwala monga kanamycin. Koma ngakhale usayese zimenezo, pali zoipeputsira. Tsitsa madzi afike theka kuti isavutike kukwera kukapuma, bola hita ikhale yomira. Ika tsamba lalikulu kapena kapu yogoneka pafupi ndi pamwamba kuti izigonapo. Chepetsa mphamvu ya fyuluta, zimitsa getsi la thanki. Ndipo usadziimbe mlandu. Manambala akowo ndi a munthu wosamala, ndipo zaka 3 kwa iwe kuphatikiza miyezi imene inali nayo usanaigule, ndi nsomba yokalamba.

NyenyeziYaUsiku
Zikomo agogo. Ndatsitsa madzi, yakwera patsamba, ikungotulutsa kamwa kupuma osasuntha thupi. Kunyumba kuno akundiuza kuti ndi nsomba chabe, ndigule ina. Sakumvetsa.

MayiWaAwiri
Ife tikumvetsa achemwali. Chinthu chimene mumachidyetsa m'mawa uliwonse, chimene chimakudziwani mukalowa m'chipinda, si chabe.

Chiphaliwali
Ngati ikuvutika chotero, bwanji osangoiika mufiriji kapena kuigujumulira m'chimbudzi, ipume?

Namadzi
Chonde ayi, zonse ziwirizo ayi. M'chimbudzi nsomba siifa nthawi yomweyo, imafa pang'onopang'ono ndi kuzizira ndi mankhwala a m'mapaipi, ndipo matenda ake amakalowa m'madzi a kunja. Mufiriji nsomba ya kumalo otentha imazunzika nthawi yaitali. Ngati a NyenyeziYaUsiku adzafike posankha kuithetsera ululu, njira imene anthu angathe kuchita kunyumba ndi mafuta a clove, amene muli eugenol wogonetsa nsomba. Muyezo wake ndi pafupifupi 0.4 ml pa lita imodzi. Mafutawo sasakanikirana ndi madzi okha, ndiye mumawakhutchumula kaye m'kabotolo ka madzi ofunda mpaka ayere, n'kumathira pang'onopang'ono kwa mphindi 5 m'chidebe mmene muli nsomba. Imayamba yagona, kenako makha amasiya kuyenda. Muisiye momwemo mphindi zosachepera 10 makha atasiya, ambiri amadikira nthawi yoposa pamenepo chifukwa betta imapirira kusowa mpweya. Kumene kuli dokotala wa ziweto wolandira nsomba, iye angachite zimenezi m'malo mwanu.

Dzuwa_Lofiira
Ine sindingathe. Moyo sindinaupereke ndine. Yanga ndinaisiya mpaka inapita yokha, ndili pambali pake.

Tsamba
Palibe amene angakuweruzeni, ndipo amene wasankha mafuta a clove nayenso tisamuweruze. Ine ndimayang'ana zinthu izi: ikudya? Ikutha kufika pamwamba kukapuma? Ikutha kukhala chowongoka? Zonsezi zikakhala ayi kwa masiku angapo, ndimaona kuti kudikira kukuthandiza mtima wanga, osati nsombayo.

Mlonda_wa_Thanki
Ndiwonjezere chimodzi chokhudza thupi lanu eni ake. Nsomba yodwala nthawi yaitali, yowonda kapena yopindika msana, nthawi zina imakhala ndi bakiteriya wotchedwa Mycobacterium marinum, amene amatha kulowa pabala la munthu n'kuyambitsa zotupa zosapola padzanja. Ngati muli ndi bala valani magolovesi, ndipo muzisamba m'manja ndi sopo mukamaliza. Chotupa chikatuluka osapola, muwauze adokotala kuti mumaweta nsomba. Ukonde ndi paipi za thanki ya odwala zisalowe m'thanki ina.

NyenyeziYaUsiku
Yapita usiku wathawu, ili patsamba lomwe lija. Sindinafike pogwiritsa ntchito mafutawo. Ndaikwirira m'mphika wa maluwa. Zikomo nonse amene munandiyankha. Thanki ndiitani?

Agogo_a_Zipsepse
Pepa mwanangu. Usafulumire kugula ina. Popeza sitikudziwa chinayambitsa, ine ndikanataya siponji ndi timiyala, thanki n'kuitsuka ndi madzi osakaniza bulichi pang'ono, kuitsukuluza kangapo, kuthira mankhwala a klorini ambiri, n'kuiyanika iume gwa. Ukadzakonzeka, udzayambe wakhazikitsa mabakiteriya nsomba isanabwere.

MayiWaAwiri
Pepani achemwali. Mwana wanga ndamuwerengera zimene munalemba, wafunsa ngati yakenso ifa. Ndamuuza kuti ma betta sakhala zaka zambiri ngati galu, koma yake ikuchira. Timadontho tatsala tiwiri pamchira, mankhwala tikupitiriza.

Kadziwe
Pepani a NyenyeziYaUsiku. Kwanga kuno nsomba yayambanso kudya, ikuzungulira thanki yonse ndipo yapeza malo ogona kuseri kwa hita. Kuda kwa m'mphepete kwasiya kufalikira. Koma lero ndaona kamzere kopyapyala koonekera mkati, kotuwa pang'ono, kumapeto kwa mchira. Ndi matenda ena? Komanso amoniya watsika kufika 0.25 koma nitrite wakwera kufika 0.5.

Tsamba
Kamzereko ngati ndi kosalala, kopanda ubweya, ndi mchira watsopano ukumera. Umayamba wopanda mtundu, kufiira kumabwera pambuyo pa milungu ingapo, ndipo mwina sudzafanana ndendende ndi wakale. Ndi wosakhwima, ndiye galasi loonera musaionetse kaye, ikadziona n'kutambasula zipsepse mwamphamvu ung'ambika.

Mlonda_wa_Thanki
Nitrite kukwera ndiye kuti gulu loyamba la mabakiteriya layamba ntchito, lachiwiri likadali lochepa. Koma 0.5 ndi wochuluka kwa nsomba, amalepheretsa magazi kunyamula mpweya. Sinthani theka la madzi lero, muyezenso mawa m'mawa musanaidyetse, ndipo chakudya chikhale chochepa mpaka nitrite atafika pa 0. Siponji musaikhudze mwezi uno.